Chingwe Chimene Ndinazula pa Ampu ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinaotcha ampu ya atate anga. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ananditengera zaka pafupifupi makumi awiri kuti atuluke pakamwa panga.

Ndinakulira kwa amalume ku Katete ndikuweta ng'ombe, ndipo pamene atate anandiitanitsa ku Kitwe sindinkatha kulemba ngakhale dzina langa. Atate anali amagetsi pamgodi. Tinkakhala m'nyumba za kampani, zija zogundizana ziwiriziwiri, ndipo kuseri kwa khoma lathu kunkakhala Ba Mulenga, bambo wa Chibemba amene ankagwira shifiti ya usiku n'kumagona masana.

Atate ankaimba gitala. Ampu yawo, makina okuzira mawu a gitalayo, anaipeza kwa mzungu wina wa ku Nkana West amene ankabwerera kwawo. Inali yolemera ngati thumba la simenti, ndipo kumbuyo kwake kunali mavalavu anayi, timabotolo tagalasi timene tinkafiira ngati makala ampu ikayaka. Atate ankati ampu yotere imatulutsa mawu ake enieni pokhapokha ukaitsegula mpaka pafupi ndi mapeto. Koma akatero malata ankanjenjemera, ndipo Ba Mulenga ankamenya khoma ndi nsapato, akukuwa m'Chibemba kuti atate awalole agone.

"Ba Tembo, mwe bantu, tulaleko!"

Ndiye atate anapanga bokosi. Linali lachitsulo, lobooledwa timabowo pamwamba, ndipo m'kati munali marezisita obiriwira, onenepa ngati nzimbe, amene anatola pa zotayidwa za kumgodi. Chingwe chimodzi chinkachoka kumbuyo kwa ampu kulowa m'bokosilo, china chinkachoka m'bokosi kupita ku sipika. Bokosilo linkameza mphamvu yambiri ya ampu n'kuisandutsa kutentha, sipika n'kumalandira yochepa chabe. Pamwamba panali chopotokola chimene anachotsa pa sitovu yakale, chochepetsera kapena kuonjezera phokoso. Motero ampu inkakuwa ndi mtima wonse, Ba Mulenga ali m'tulo. Bokosilo linkatentha moti nthawi ya mvula amama ankayanikapo masokosi, atate n'kumakalipa kuti akutseka mabowo. M'komboni monse munalibe wina amene anali ndi chinthu chotere, ndipo anzawo a m'bandi ankabwera kudzangochiona.

Lamulo anandipatsa limodzi, atandigwira khutu.

"Gidi, chingwe chakumbuyochi osachizula ampu ili yoyaka. Wamva?"

"Ndamva, Atate."

"Wamva chiyani?"

Ndinabwereza. Chifukwa chake sindinafunse, pakuti kwathu mwana sankafunsa zifukwa. Ndinangoganiza kuti akuopa kuti magetsi angandigwire.

Chaka chimenecho mkuwa unali utagwa mtengo, m'masitolo munalibe sopo, ndipo pamgodi anayamba kuchepetsa anthu. Atate anabwera ndi kalata yowachotsa ntchito m'thumba la malaya. Bwana wawo anawauza kuti maso awo atha, akuchedwa pantchito. Anatipatsa miyezi yowerengeka kuti tituluke m'nyumba ya kampani. Koma atate sanagwe mphwayi. Mnzawo wina, Ba Zulu, anali ndi kashopu ku msika wa Chisokone ndipo anawalonjeza benchi yokonzerapo mawailesi, komanso bandi yawo inapeza ukwati woti ikaimbe ku Ndola Loweruka.

"Achotsa dzina langa m'buku mwawo," anauza amama, "koma manja awa sanachotse."

Lolemba la sabata imeneyo anatsegula bokosi lija n'kusintha rezisita imodzi imene inang'aluka. Ndinawaona akuwotcherera waya ndi mtovu, nkhope atayandikitsa kwambiri mpaka utsi kuwalowa m'maso.

Lachinayi m'mawa atate anapita m'tauni, amama anapita kolalikira ndi alongo a mumpingo. Ndinatsala ndekha ndi gitala. Ndinali nditaikhudzapo mobisa, koma ndinali ndisanayatsepo ampu. Ndinayatsa, ndinadikira mavalavu afiire monga ndinkaonera, n'kupotokola bokosi mpaka pansi penipeni. Ndinakhudza nsambo. Sipika inalankhulabe, pang'ono, koma m'makutu mwanga munamveka ngati belu. Ba Mulenga akanamva, akanauza atate. Ndinalingalira mwanzeru za mwana: ngati bokosi limachepetsa phokoso, kuzula chingwe kulithetseratu. Ndinakulunga dzanja ndi malaya kuti magetsi asandigwire, ndinazula.

Kunali zii. Ndinamenya nsambo, ndipo ndinamva chinthu chodabwitsa: kanyimbo kakang'ono ngati ka udzudzu, kochokera m'kati mwa ampu yeniyeniyo. Ndinakondwa. Ndinatsegula ampu mpaka mapeto kuti ndikamve bwino, n'kuimirira pakati pa chipinda ndikumenya gitala ngati munthu wapasiteji. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Kenaka ndinamva thethethe, ndi fungo ngati la vanishi wopserera.

Ndinazimitsa. Ndinabwezera chingwe pamalo pake, ndinatsegula mawindo onse, ndinapemerera ndi chikatoni. Kuti fungo lisokonezeke ndinaotcha mphira pambaula panja pa khomo.

Atate anabwera cha m'ma folo. Anasamba m'manja, anakhala pampando wawo, anayatsa. Anaimba kamodzi, mawu anatuluka osasa ngati a munthu wachimfine. Kachiwiri, utsi unafuka kumbuyo kwa ampu ndipo fyuzi inaphulika.

Sanakuwe. Anatsegula ampu, ananunkhiza, anati, "Thiransifoma yapita." Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Unakhudza chilichonse pano?"

"Iyayi, Atate."

Anandikhulupirira nthawi yomweyo, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa koposa. Anakoka bokosi lija, analitsegula, anayeza waya aliyense ndi mita yawo. Zonse zinali bwino. Anayezanso. Amama anawaitana kuti adye, sanamve.

"Ndi pamene ndinawotcherera Lolemba," anatero pomaliza. "Pakazizira pamagwira, pakatentha pamasiya. Sindinaone bwino." Anayang'ana zala zawo. "Kani bwana uja sananame."

Ndinali nditaima pakhomo. Ndinkafuna kuulula, koma ndinkaona lamba wawo ali pamsomali.

Thiransifoma yotere sinkapezeka. Anafunafuna ku Chisokone ndi ku Ndola, ogulitsa n'kumaseka kuti zinthu zakunja zinasiya kubwera. Bandi inapita ku ukwati ndi woimba wina, ndipo sinawaitanenso. Ba Zulu anabwera kawiri kudzawatenga.

"Benchi ikukudikirani, achimwene. Mawailesi aunjikana mpaka kudenga."

"Ndaotcha changa, Ba Zulu. Mukufuna ndikaotchenso za eni?"

Tinasamukira ku Garneton, pa kapuloti kamene anagula ndi ndalama zopumira. Munthu amene ankadziwa njira ya waya aliyense m'shafuti ya mgodi anayamba kulima repu ndi tomato, ndipo sankazitha. Babu ikapsa m'nyumba ankatuma ine. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. M'kupita kwa zaka chilango sindinkachiopanso. Ndinkaopa kukula kwa zimene zinaonongeka.

Sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu, m'kalasi ya akuluakulu, ndipo pambuyo pake ndinakaphunzira zamagetsi ku Ndola. Tsiku lina mphunzitsi anajambula thiransifoma pabolodi n'kufotokoza kuti ampu ya mavalavu siyenera kuyaka popanda sipika kapena bokosi lolowa m'malo mwa sipika, chifukwa mphamvu ikasowa kopita imabwerera n'kuboola mawaya a m'kati. Anzanga ankalemba. Ine ndinatuluka m'kalasimo.

Loweruka lake ndinakwera minibasi ya ku Garneton. Inali nthawi imene migodi inkagulitsidwa, ndipo m'basimo aliyense ankakamba za amene achotsedwa. Ndinapeza atate atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, maso atachita ng'ala. Ndinagwada ngati mwana, ndinanena zonse, mpaka za mphira uja.

Anatembenukira kwa ine n'kundifunsa.

"Unazula chiti? Cha ku sipika kapena chakumbuyo kwa ampu?"

"Chakumbuyo kwa ampu, Atate."

"Utatsegula mpaka pati?"

"Mpaka mapeto."

"Ndiye pamene ndinawotcherera paja panali bwino."

"Panali bwino, Atate."

Nkhope yawo inawala pang'ono, monga ndinali ndisanaionere chichokereni m'nyumba ya kampani. Anatambasula manja pamaondo, akuwatembenuza. Kenaka kuwalako kunazima.

"Ukananena tsiku lomwelo, ndikanakukwapula, pofika Lolemba ndikanakhala ndili pabenchi kwa Ba Zulu." Anapumira m'mwamba. "Dzuka, mathalauzi ada. Pita ukapereke moni kwa amako."

Sanadzaitchulenso nkhaniyo. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe kachiwiri. Anamwalira mvula yotsatira isanathe.

Lero imvi zadzaza m'mutu mwanga, ndipo ndakonza maampu ambiri a m'matchalitchi a mu Kitwe muno. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndikakana, mlandu ungotsala pansi wopanda mwini mpaka uiwalike. Tsopano ndikudziwa kuti mlandu sukhala pansi. Mwini wake akaukana, wina amautola, ndipo m'nyumba amautola ndi uja woona mtima kuposa onse, amene amayamba wadzifunsa yekha asanaloze mnzake chala. Kwathu anali atate. Ndinathawa zikoti za tsiku limodzi, iwo n'kusenza mlandu wanga zaka makumi awiri, ndipo pamene ndinapita kukautenga, maso awo anali atathadi.