Uvuni Umene Ndinamangira Amayi ku Edmonton

Nkhani yochoka inabwera ndi Chrissie, mkazi wanga. Iye ndi namwino, ndipo atapeza ntchito pachipatala china ku London anandifunsa ngati ndingamutsatire. Ine ndinali mmisiri womanga nyumba ku Lizulu, ntchito yoti mvula ikangoyamba manja amalowa m'thumba. Sindinachedwe kuvomera. Chovuta chinali kukawauza amayi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutulutsa masikono mu uvuni wawo, uvuni umene unatilera ine ndi mlongo wanga Esnart bambo atamwalira. Anandimvetsera manja ali pantchito. Kenako anati, "Pita, Lameki. Mwamuna sakalambira pakhomo pa amake. Koma mdzukulu wangayo usakamuiwalitse kwawo." Nthawi imeneyo mwana wathu Tadala anali wakumsana.

Tinafikira ku Edmonton, dera lina la London, m'nyumba ya lendi ya a Zulu, mkulu wa mpingo wathu wochokera ku Chipata. Zomanga sindinazipeze. Ndinalowa ntchito yosamalira okalamba, manja ozolowera njerwa n'kuyamba kusambitsa agogo a eni ake. Ine ndi Chrissie tinkangopatsana moni pakhomo, wina akuweruka wina akupita. Kusungulumwa kwa kuno n'kwachilendo, chifukwa anthu ali ponseponse, m'basi mumachita kupanikizana, koma palibe wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Kumudzi ndinkaimba mwezi ukatha, ndikatumiza ndalama. "Zafika?" "Zafika, mwanawe." Kenako za mvula, za feteleza, basi foni yatha. Zaka zinapita choncho. Kangapo konse ndinawapempha amayi kuti abwere adzacheze, koma ankakana, amvekere sangakwere ndege kudzangokhala pampando ngati chidole.

Tadala anakula akumva Chichewa koma kuyankha m'Chingerezi. Tsiku lina ndikulankhula ndi amayi pavidiyo, iye anadutsa ndi chidutswa cha pitsa yogula. Amayi anamuitana kuti awaonetse. Anayang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Chigumu chopyapyala chotani chimenecho? Mukumudyetsa makatoni mwanayu. Iwe Lameki, si ndiwe mmisiri? Ndimangire uvuni kumeneko, ndibwere ndidzamuphikire ndekha, ndi masikono omwe." Ndinawafunsa kawiri ngati akunena zoona. Anati uvuni ukatha, iwo akwera ndege. Sabata yomweyo ndinakapempha chilolezo kwa a Zulu. Iwo anati, "Mangani chabe, ba Lameki. Manje mukanitenthera nyumba, tizakambana."

Uvuni woyamba unandichititsa manyazi. Ndinaumanga mu Okutobala, chifukwa kwathu ndiyo nyengo yomanga, dzuwa likuswa mtengo, matope amauma ukuona. Mutu wanga unali ukuyenderabe kalendala ya ku Lizulu. Ndinakumba dothi kuseri kwa nyumba, ndinaliponda ndi mapazi monga timachitira ndi dothi la pachulu, n'kumanga ndi njerwa zakale zimene ndinatola. Ndinausiya pamtetete kuti uume. Kuuma kwake kuti? Mvula ya kuno siigwa n'kusiya, imangowaza usana ndi usiku. Kenako kunabwera chisanu choundanitsa madzi, madzi a m'dothi anaundana n'kufufuma, ming'alu mbwee. Pofika Khirisimasi denga lake linali litagwera mkati. Amayi atauona pafoni anangoti, "Wamanga chulu, osati uvuni. Dikira dzuwa lawolo libwere, tiyambirenso. Ulendo uno uzindionetsa chilichonse."

Tinayambiranso masamba atayamba kuphuka m'mitengo. Ndikuti tinayambiranso chifukwa tinamanga awiri, ine ndi manja, iwo ndi pakamwa. Ndikaweruka ndinkatsamiritsa foni pachidebe, Esnart kumudzi n'kuwagwirira yake. Ndinamanga maziko ofika m'chiuno n'kuthira konkire pamwamba. Amayi anati ndisayale njerwa pakonkirepo, chifukwa moto ungathawire pansi. Panafunika kuyala mabotolo kaye, m'mipata n'kuthira mchenga ndi mchere, monga anachitira ndi wawo. A Zulu anandithandiza kutolera mabotolowo. Mkulu wa mpingo wathunthu kuyenda m'misewu ya Edmonton ndi thumba la mabotolo a mowa likulira ngwerengwere! Anthu a kutchalitchi anawaseka mwezi wonse. Pamwamba pake ndinayala njerwa zopirira moto, zogula, popanda matope, zongogundana. Kenako ndinaunjika mchenga wonyowa mozungulira bwino, ndinauphimba ndi nyuzipepala, n'kumanga denga lanjerwa motsamira mchengawo. Litalimba ndinakumba mchenga wonse kudzera pakhomo.

Masiku amenewo ndi amene ndimawakumbuka kwambiri ndikakhala kuseri kuno. Tinkayamba ndi za njerwa, koma nkhani zinkapita kwina. Anandiuza mmene anakumanirana ndi bambo pamsika, zimene sindinazimvepo chibadwire. Anandikumbutsa tsiku limene ndinaba sikono yamoto n'kuibisa m'thumba la kabudula. Tadala naye anayamba kumabwera kudzagwira foni. Agogo ake ankamukakamiza kutchula zinthu: njerwa, phulusa, nkhuni. Iye ankatchula mokhotakhota, iwo n'kumaseka. Nthawi zonse amayi ankakhala pakhonde, atafunda bulangeti mpaka m'khosi. Nditamufunsa Esnart anati, "Ndi kachimfine chabe, achimwene. Kuzizira kwa kuno mwakuiwala?" Unali mwezi wa Juni, ndipo aliyense wodziwa Lizulu sangatsutse.

Nditayesa kamoto koyamba, uvuni unatentha ndithu koma unazizira msanga, ngati mbale yachitsulo. Amayi anati, "Uvuni wamaliseche susunga moto. Uveke." Kwathu amaumata ndi dothi losakaniza ndi utuchi ndi phulusa, mochindikala ndithu, chifukwa timipata timene utuchi umasiya ndi timene timagwira kutentha. Dothi la kuno ndinali nditaliopa kale. Ndinakagula chinthu choyera ngati thonje, chokhala ngati bulangeti koma chosapsa, chimene chimayabwa koopsa ukachigwira wopanda magolovesi. Ndinakulunga nacho denga lonse, ndinachimanga ndi waya wa khola la nkhuku, n'kumata pamwamba ndi simenti yosakaniza ndi timiyala topepuka. Ndinaikanso chumuni, ndi kadenga ka malata kuti mvula isaufike. Ndinaganiza kuti ndamaliza.

Amayi anayang'ana n'kupukusa mutu. Anati khomo latalika, moto uzithawira pamenepo. Ndinaligumula n'kulitsitsa. Kenako anati chumuni chapendekeka. Ndinachiwongola, ngakhale kuti levulo yanga yoyezera kuwongoka inkanena zina. Kenako anati ndisayerekeze kukoleza moto waukulu, ndiyambe ndi kamoto ka tizitsotso, kuwonjezera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku mpaka chinyezi chonse chituluke, apo ayi ung'aluka. Apa ankanena zoona, mmisiri aliyense akudziwa. Koma sabata itatha anati ndiwonjezere ina. Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinawafunsa mokalipa kuti, "Amayi, mukufuna kubwera kapena mukungondizunguza?" Iwo anati, "Ndibwera, iwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Kuyambira masiku amenewo vidiyo inasiya kugwira. Esnart ankati netiweki yavuta, choncho tinkangomvana mawu, ndipo mawu awo anali atachepa mphamvu.

Pitsa yoyamba tinaphika Loweruka lina mu Ogasiti. Moto unayaka mpaka mwaye wa kudenga unayera, ndinakankhira makala pambali, ndipo pitsa inapsa ndisanamalize n'kupukuta manja komwe. M'mawa mwake njerwa zinali zikadali zofunda. Ndinaimba kuti ndiwauze kuti chifukwa chokanira chawathera, akonzeke. Anayankha ndi Esnart, anati amayi agona. Patapita masiku awiri anaimba yekha. "Achimwene, bwerani. Amayi atopa." Ife a kwathu mawu amenewo timawadziwa. Chrissie atawamva anakhala pansi n'kuyamba kulira. Koma ine ndinakana kuwamva. Ndinakongola ya tikiti kwa a Zulu, ndipo m'chikwama ndinaikamo jekete yotentha imene ndinawagulira yodzavala kuno.

Pabwalo la ndege ku Lilongwe anandichingamira alamu anga, amuna a Esnart. Nditawafunsa kuti amayi ali bwanji, anati, "Mukawaona, alamu." Njira yonse anandifotokozera za mitengo ya mbatata ndi kabichi. Titasiya msewu wa tala kulowa wa fumbi wopita kwathu, ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu, chizindikiro cha maliro. Alamu anachepetsa liwiro n'kuvula chipewa. Amayi anali atamwalira dzulo lake, ine ndili m'mwamba. Ndinalira ngati mwana, pamaso pa anthu onse, ndipo sindichita nazo manyazi.

Titaika maliro, anthu atayamba kubalalika, ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Uvuni wa amayi unali utagwa. Sikunali kugwa kwa chaka chino, chifukwa pamwamba pake panali udzu womera n'kuuma, ndipo mkati munali chisa cha nkhuku. Ndinamuitana Esnart. Anandiuza kuti amayi anasiya kuphika dzinja la chaka chathachi lisanafike, pamene achipatala anawapeza ndi chotupa cha m'mimba n'kunena kuti chapitirira. Pamene ankandiuza kuti ndiwamangire uvuni, anali akudziwa kale kuti ndege sadzakwera. Mudzi wonse unkadziwa, a mvano ankabwera kudzapemphera nawo, ngakhale ana a pamsika ankadziwa. Wosadziwa ndinali ine ndekha, mwana wawo woyamba.

Ndinakwiya, ndipo mpaka lero mkwiyowo sunathe wonse. Kwathu munthu wakutali sauzidwa matenda, amati angasokonezeke pantchito, angachite ngozi panjira. Ineyo ndinachitirapo ena zomwezo ndili kumudzi, ndinkayankha kuti akupezako pamene munthu ali kayakaya. Sindinaganizepo kuti tsiku lina wakutaliyo ndidzakhala ine. Ndinkadziona ngati mwini khomo amene wangochokapo pang'ono, koma abale anga anali atayamba kale kundisamala ngati mlendo. Ndinamufunsa Esnart chifukwa chake anandisiya miyezi yonseyo ndikugumula makomo ndi kuwongola chumuni, m'malo mondiuza kuti ndibwere ndidzawagwire dzanja.

Esnart anakhala pa njerwa zakugwazo, maso ali pansi. "Ndinawapempha, achimwene, kangapo konse. Anandiletsa. Anati mukabwera mudzakhala sabata ziwiri n'kubwerera, koma mukamamanga amakhala nanu tsiku lililonse." Anapukuta misozi ndi chitenje, kenako anapitiriza. "Khomo lija linalibe vuto. Mutangodula foni tsiku limenelo anandiuza okha kuti mwamanga bwino kuposa wawo. Nditawafunsa chifukwa chake akukugumulitsani, anati, 'Akamaliza asiya kuimba.'"