Mzere wa Matope pa Jekete Langa

Anzanga, Wessel ndinakumana naye kuchipatala mumzinda wa Groningen, m'chipinda chodikirira dokotala wa msana. Mipando inali mbwee, koma awirife tinali chiimire, chifukwa kwa munthu wa matenda athuwa kukhala pampando ndi chilango.

"Nanunso munadana nayo mipandoyi?" anandifunsa.

"Mwezi wachisanu uno," ndinayankha.

Vuto lathu linali limodzi. Kanyama kofewa ka pakati pa mafupa a msana kanasuntha n'kumapanikiza mtsempha, ululu n'kumatsika mpaka kuphazi. Iye anali wokonza njinga koma ntchito anali atayamba waima.

Chibwenzi chathu chinali choseketsa. Khofi tinkamwa choimirira. Kwawo tinkagona chagada pansi, miyendo pampando, n'kumacheza tikuyang'ana kudenga.

"Fenna, ndiwe wekha amene sundifunsa kuti ndichira liti," ankatero. Ndinkamukonda mnyamatayu, osati masewera.

Tonse anatichita opaleshoni mu Januwale. Ine nditatsitsimuka, ululu wa mwendo unali utatheratu, ndipo itatha milungu ingapo dokotala anandilola kukweranso njinga. Wessel sizinamuyendere. Ululu unabwerera, phazi n'kumachita dzanzi, ngakhale kumanga zingwe za nsapato inali nkhondo.

Apa m'pamene ndinachita zopusa. Ndinamubisira kuti ndachira.

Njinga ndinkaisiya kuseri kwa sitolo ya buledi, n'kufika pakhomo pake ndikutsimphina.

"Lero bwanji, wokondedwa?"

"Chimodzimodzi... ukungopwetekabe."

Iye n'kumandisisita mwendo umene sunkapweteka n'komwe. Ndinkadziuza kuti ndikumumvera chisoni. Zoona zake ndinkaopa kuti akadziwa, adzayamba kundiona ngati anthu ena onse aja ongomufunsa za kuchira.

Ndinanama choncho miyezi itatu.

Tsiku lina masana kunagwa mvula. Nditalowa, anandivula jekete kuti aliyanike, kenako anayamba kuliyang'anitsitsa, ali nalo m'manja. Kumsana kwa jeketelo kunali mzere wa matope, wowongoka bwinobwino, kuchokera m'munsi mpaka pakhosi.

"Wabwera pa basi?"

"Eya."

"Fenna, ine njinga ndakonza zaka zisanu ndi ziwiri. Awa ndi matope a tayala lakumbuyo."

Ndinasowa poyang'ana.

"Unachira liti?"

"Mu Januwale momwemo..."

Wessel anagwira tebulo.

"Ukudziwa chifukwa chake sindinabwererenso kwa dokotala? Ndinkati ngati nawenso ukumvabe ululu, ndiye kuti ndi mmene zimakhalira, ndingopirira. Ndinkayang'anira pa iwe."

Sanandikalipire, anzanga. Bola akanandikalipira. Anangondipatsa jekete langa lonyowalo n'kundiuza kuti ndisabwerenso.

Mchemwali wake ndi amene anandiuza zotsatira zake. Wessel atapita kuchipatala, madokotala anapeza kuti kanyama kaja kanali katasunthanso kalekale, ndipo mtsempha unapanikizika nthawi yaitali. Anamuchita opaleshoni yachiwiri. Ululu unachepa, koma phazilo amalikoka mpaka lero.

Nthawi zina ndimamuona pamlatho wa pafupi ndi msika, akuyenda pang'onopang'ono. Ndimatsika njinga n'kumaikankha, kuchita manyazi kumudutsa nditakwera. Sandiyang'ana.

Anzanga, munthu amene amakukhulupirira amatha kusankha zochita pamoyo wake potengera mawu ako. Ine ndinkati ndi kabodza kachifundo chabe, koma ndikuyenda bwinobwino, amene akukoka phazi ndi Wessel.