Tsiku lomwe thanki yanga inavina visekese

Njinga yanga yamoto inazima pachitunda cha ku Chiputula Lolemba lapitali. Kumbuyo kunali akazi anga, mayi a Tiwonge, ndi dengu la tomato. Anatsika, n'kusenza dengu. Ine ndikukankha.

Titafika pamwamba anatembenuka.

"Bambo a Tiwonge, ikadzazimanso ine ndili pamenepo, igulitsidwe. Ndatha."

Iwowa akati ndatha amakhala atathadi.

Njingayi inali ya malemu achimwene anga. Chimene anandisiyira n'chomwechi. Kuigulitsa sindifuna. Koma mkazi wosenza dengu pachitunda ungamuyankhe chiyani?

M'mawa mwake ndinaikankhira ku Zolozolo, kwa a Mhango amakanika. Ndinati vuto ndi pulagi. Iwo anatsegula pakamwa pa thanki, n'kuwalitsamo tochi ya foni.

"Adada, suzumirani."

Ndinasuzumira. Inu owerenga, munaonamo m'thanki mwanu? Ine zaka zonsezi ayi. Munali mofiira ngati msewu wadothi m'dzinja. Dzimbiri likusendeka makokomakoko. Kunja njinga ikuwala, paja ndimaipukuta m'mawa uliwonse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

"Madzi alowa bwanji? Sindinagwe nayo mumtsinje ine."

"Mafuta mumathira bwanji, adada?"

"Pang'ono. Oti andifikitse."

"Ndiye basi. Thanki yopanda kanthu imachita thukuta mkati. Mzuzu muno nkhungu chomene. Kukazizira, mpweya wam'thankimo umasanduka madzi. Dzimbiri lake ndi lomwe likutseka njira ya mafuta."

Ndinangoti kukamwa yasa. Nkhungu yomwe imandinyowetsa jekete, kani imagonanso m'thanki mwanga!

A Mhango anakhuthula petulo yense, n'kuchotsa thanki. Ndudu yanga anati ndikazimire kutsidya kwa msewu. Anatsuka mkati ndi sopo, n'kutseka mabowo. Kenako anathiramo viniga, yemweyu wapatchipisi, ndi manati ndi mabawuti akale.

"Gwedezani, adada. Azikanda dzimbirilo."

Ndinagwedeza. Mikono inalema msanga. Akazi a a Mhango, NyaGondwe, amasoka zovala pakhonde pomwepo. Anaimitsa makina, n'kuseka.

"Adada, mukugwedeza ngati mukudzutsa mwana wodwala. Bweretsani kuno."

Anaigwira thankiyo ngati chisekese, chija cha timabango ndi njere mkati chomwe amayi a kuno amagwedeza povina. Tseke! Tseke-tseke! Anaipendeketsa uku, n'kuipendeketsa uko, manati afike m'makona monse. Anayamba kung'ung'udza nyimbo yakwawo. Mayi wapasaluni yoyandikana nawo anatuluka ndi chipeso m'manja, n'kuyamba kuponda sitepe. Thanki ya achimwene anga ikuvina visekese pa Zolozolo, dzuwa likuswa mtengo.

Kenako NyaGondwe anasiya kuimba.

"Mwamva? Poyamba imalira ngati mchenga. Tsopano ikulira chitsulo."

Ndinatchera khutu. Zoona. Kulira kunali kutasintha. Munthu kumva ndi khutu kuti dzimbiri lachoka! 

Atakhuthula, munatuluka madzi ofiira ngati thobwa la mawere. Anatsukuluza mpaka madzi kuyera ndi fungo la petulo kutheratu. Dzuwa la Mzuzu silodalirika, ndiye mayi wapasaluni uja anabweretsa draya yake ya tsitsi, n'kuumitsa mkatimo.

Chomaliza ndiye chinandikhazika pansi. A Mhango anathiramo mankhwala omata mkati, olemera ngati uchi, n'kutseka. Anayamba kuitembenuza thanki pang'onopang'ono, ngati anyamula khanda. Maso atatsinzina.

"Mukudziwa bwanji kuti afika ponse?"

"Ndikuwamva kuyenda m'manja. Pakatsala kamalo ngati chikhadabo, dzimbiri liyambiranso pomwepo."

"Ndani adzaone kamaloko?"

"Petulo adzakaona, adada."



Anakhuthula mankhwala otsala, n'kundichenjeza kuti ndisathiremo mafuta mpaka mutaumiratu. Ndikafulumira, zonse zapita m'madzi. Njinga ndinaisiya komweko, sabata yonse ndinayenda wapansi. Poyenda wapansi munthu amaganiza.

Anzanga a kabaza pasiteji, tamvani. Njinga zathu timazikongoletsa. Tamata mavesi, tamangirira timaliboni, taika magetsi obiriwira. Ikazima timatukwana pulagi. Ena amati yalodzedwa. Pomwe mfiti yake ndi timafuta ta m'botolo timathira tija, ndi nkhungu yam'mawa. Ndikudziwa, mafuta ndi ovuta, sindikunyoza munthu. Koma kusuzumiramo kokha kumafunanso mafuta?

Si njinga zokha. Nyumba timapenta kumaso kwa msewu, kuseri khoma likugumuka. Mmisiri timamutamanda pa zimene maso aona. Nanga wogwira ntchito pamalo poti diso silidzafikapo, amamuombera m'manja ndani? Anthu atatu anataya tsiku lawo kusamalira mdima wam'thanki. Palibe adzaime pamsewu n'kunena kuti taonani kukongola kwa mkatimo. Koma anachita ngati mudzalowa alendo.

Ine ndinalekeza sukulu ku pulayimale. Mawu akuluakulu ndilibe. Ndingoti ndinaona ulemu tsiku limenelo. Ulemu kwa chitsulo, ndi kwa munthu wokwera pachitsulocho.

Loweruka a Mhango anandiitana. Anawalitsanso tochi. Mkati munali mosalala, mowala ngati mbale yatsopano. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Anachita kundikoka phewa kuti atseke.

"Yewo chomene," ndinathokoza. Chitumbuka changa chimathera pomwepo.

Lamulungu tikuchokera kutchalitchi, mayi a Tiwonge anakwera kumbuyo. Tinafika m'munsi mwa chitunda chija. Ndinamva dzanja lawo likulimba pajekete yanga, mwendo umodzi utakonzekera kutsika. Ndinakoka mafuta. Njinga inakwera osatsokomola n'komwe.

Tinafika pamwamba. Tinadutsa chigayo, tinadutsa mpopi. Pageti ndiye mayi a Tiwonge anayankhula.

"Mawa tomato ndi madengu awiri."

Kwathu ndiye kuti mlandu watha. Njinga ya achimwene ikhala.

Nanga inu, chimene mumapukuta m'mawa uliwonsecho, mkati mwake munasuzumiramo liti?