Dothi linagwera m'kati

Chipolopolo chinalowa m'nyumba mwathu dzuwa lili paliwombo, ine ndikuyanika matemba pathandala, mwana ali kumsana. Tinkakhala m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, ndipo kutsidya kunali nkhondo. Mfuti tinkazimva ngati mabingu a mvula ya kwa eni, koma sitinkazitchula. Tsikulo ndinangomva phwa! pakhoma, nkhuku n'kubalalika. Amuna anga anali m'nyumba, akusoka ukonde. Anatuluka dothi lili m'tsitsi.

Dzuwa lisanapendeke anafika a tcheyamani a chipani ndi amuna atatu. Mphekesera zinali zitayenda kale zakuti amuna anga akubisa mfuti ya kutsidya, ndiye yawalirira m'manja. Masiku amenewo munthu akanenedwa zotero ankakwera galimoto, ndipo iwe wotsala sunkafunsa kuti abwera liti.

Anayang'ana bowo la chipolopolo pakhoma. Kunja linali longolowa chala, koma m'kati khoma linagumuka malo aakulu ngati chikhatho.

"Mwaona?" anatero mmodzi, wogula nsomba wa ku Nselema amene ankati anagwirapo ntchito ya ulonda ku Balaka. "Chipolopolo chimakhala ndi ukali pamene changotuluka m'mfuti. Kwagumuka kwambiri ndi kuno. Chachokera m'nyumba muno."

"Achimwene, paulonda paja munkanyamula mfuti kapena chibonga?" anafunsa mnzake. Anaseka, komabe mitu inkavomera za wansombayo.

Mwana anali atayamba kulira, ndipo ine ndinkadziwa kuti mkazi wolekeza sitandade faifi salowerera nkhani ya amuna. Koma khomalo ndinalimata ndine. Ndinagwada pakhomo.

"Pepani bambo, ndinene nawo pang'ono."

"Nenani, mayi," anatero a tcheyamani.

"Titamanga nyumbayi ndinaboola khoma kuti utsi uzituluka. Ndinabaya ndili panja. Kumene ndinaima kunangooneka kabowo, koma chibuma chinagwera m'kati."

"Aa, nkhani ya mfuti yasanduka yomata nyumba?" anatero wansomba uja.

"Iyayi, asiyeni. Tiwonetseni, mayi," anatero a tcheyamani.

Ndinatenga chisonga, ndinachiika pakhoma kunja, pafupi ndi bowo lija, n'kuchimenya ndi munsi katatu. Ndinamva dothi likugwa m'nyumba. Analowa onse. Kenako ndinamva mmodzi akuti, "Afananadi."

Apo m'pamene amuna anga analimba mtima. Anasolola bango pampanda n'kulilowetsa pabowo la chipolopolo. Silinalowe mowongoka, linapendekera pansi, nsonga yake n'kuloza thumba la mpunga limene linali pakona. Thumbalo linali ndi kabowo, mpunga ukudontha pang'onopang'ono.

Ndinathira mpungawo m'lichero n'kuyamba kupeta. Manja amadziwa okha ntchito yawo ngakhale mwini ali ndi mantha. Lichero loyamba munalibe kanthu, lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinamva kanthu kolemera kakugunda, kosafuna kudumpha ndi mpunga. Kanali kakang'ono kuposa chala changa chakanise, kofiirira, mphuno yake yopindika. Ndinadabwa kuti kanthu kotere n'kamene kakanandisiya wamasiye, kaya pomulasa bambo wa mwana wanga, kaya pomukweza galimoto.

Tinatuluka panja. Mbali ina ya bango lija inali italoza m'mwamba, kupitirira madambo, kutsidya kwa nyanja. Aliyense anayang'ana komweko. Palibe anatchula dzina la dzikolo.

A tcheyamani anatenga chipolopolocho n'kuchiika m'thumba la malaya.

"Pano sipanalire mfuti," anatero. "Chaboola khomali ndi chiswe. Mayi, mumate mabowo onse awiri lero lomwe." Atafika pampanda anatembenuka n'kuuza amuna anga kuti, "Ukonde uja mumalize, matemba sadikira munthu."

Ndinakanya dothi nthawi yomweyo. Bowo langa ndinalimata kamodzi, la chipolopolo katatu. Kenako ndinakoka mphasa ya mwana, ndinaiyala kukhoma la kumadzulo, kutali ndi mbali ya kutsidya, pafupi ndi pamene bambo ake anakhala akusoka ukonde.