Nthochi ya pa Manda a Bambo Anga

Ndikukumbukira tsiku limene tinaika m'manda thunthu la nthochi n'kumalilira ngati munthu. Musaseke anzanga, poti wolira kwambiri ndinali ine, ndipo thunthulo linali bambo anga.

Chandikumbutsa ndi ulendo wa mwezi wathawu. Mwana wanga Esinati, namwino kuno ku Hull, ku Mangalande, atatopa n'kundiona ndikukangana ndi wailesi yakanema, anandikweza basi mpaka ku Falansa, ku tauni yakale yotchedwa Bayeux. Kumeneko ng'ombe n'zonenepa ngati mabwana, ndipo chakumapeto kwa tauni kuli munda wa miyala yoyera, mizere yowongoka kuposa ya mlangizi, mwala uliwonse msilikali wake.

Bambo anganso anapita ku nkhondo ya azungu imene inapha asilikali amenewo, koma kwina, kutsidya la nyanja yaikulu. Ndili ndi zaka ngati zisanu, kwathu ku Ntcheu kunabwera kalata yoti afa. Mtembo kunalibe. Mwa mwambo, akuluakulu anazula nthochi kudimba, n'kuikulunga m'bulangete la bambo, n'kukaiika. Koma anachita ulesi: chitsa sanadule, dzenje nalonso losaya. Maliro atatha, bambo aang'ono, a Faniziyo, analowa chokolo. Anatenga amayi, khasu, munda ndi mpando wapakhonde.

Mvula itagwa, mandawo anaphuka. Chaka chinacho nthochi inabereka mkoko waukulu. Kumanda mwana sapitako, koma ine makutu anga anali okongoletsa mutu chabe. Nthochizo zinali zozuna, zonunkhira dothi lonyowa, ndipo ndinkati ndi bambo akunditumizira.

Masana ena ndili khale pamtumbira, m'kamwa modzaza, ndinaona munthu wowonda wovala jasi lachisilikali ataima pakanjira.

"Iwe, ndiwe mwana wa yani?"

Ndinatchula dzina la bambo.

"Nanga bambo akowo ali kuti?"

Ndinaloza pamene ndinakhalapo. Munthuyo anayang'ana mtumbirawo, kenako anati, "Tandigawireko." Tinadya limodzi, ine ndi malemu. Nditawazindikira ndinawagwira dzanja mwamphamvu, n'kuwakokera kunyumba.

Azimayi anataya mitsuko n'kuthawa. Amayi anatuluka khanda la a Faniziyo lili kumsana, n'kugwada pansi. A Faniziyo atabwerako kumunda anangoti, "Achimwene, ife tinakuikani mwaulemu ndithu."

Bambo anagona masiku atatu pansi pa nkhokwe. Akuluakulu anakambirana mpaka malovu kuuma: kufukula manda n'kulaula mudzi, khanda nalonso silingabwerere m'mimba. Ine ndinkakhala pambali pa bambo, kuwalonjeza kuti ndiwalimira munda wina, bola asachoke. Tsiku lachinayi m'mawa anandipatsa batani la jasi lija, nati akukafuna ntchito ku Halale. Sanabwerenso, ngakhale kalata.

Ku Bayeux kuja kuli nsalu yaitali kwambiri, yopetedwa ndi ulusi kalekale, yofotokoza nkhondo ya makolo awo: mafumu, mahatchi, mikondo, mitu yoduka. Alendo onse maso anali pa mafumuwo. Ine ndinayang'ana m'mphepete chakumunsi, n'kuona kamunthu kakulima, osadzutsa mutu.

"Awo ndi a Faniziyo," ndinatero kwa mdzukulu wanga amene tinapita naye. Anaseka, n'kuyankha m'Chingerezi chake kuti agogo mwayambanso.

Masiku ano Mmalawi akafera kuno, timathamangathamanga mpaka bokosi likwere ndege, ndipo kumudzi amayamba aona nkhope. Ndamuuza Esinati kuti langa likadzafika, adzatsegule, andiitane katatu, anditsine khutu. Bambo anga ali ndi manda opanda mtembo ku Ntcheu, ndi mtembo wopanda manda kwinakwake.

Nthochi sindidya. Esinati amayesa ndi matenda a shuga.