Botolo la vinyo wa malemu linaswekera m'sutikesi

Nkhaniyi si yomva kwa anthu ayi, inandichitikira ine mwini m'nyumba mwanga ku Wigston, ndipo wokayika abwere ndidzamuonetse chipsera chomwe chili pamkono wangawu, kuyambira pomwe timavala wotchi kutsetsereka chakuchigongono. Maina sinditchula, poti ife a kuno timadziwana tonse, ukatsokomola ku Leicester a ku Nottingham amva kale, komanso amayi omwe ali m'nkhaniyi ndimapemphera nawo mpaka lero ndipo sanachite dala.

Papita zaka tsopano. Amuna anga anamwalira nyengo yozizira, mwadzidzidzi, mtima unangoima, munthu yemwe m'mawa anali atadya bwinobwino n'kumanyoza nyengo ya kuno monga mwa masiku onse. Maliro atatha ine ndinabwerera ku ntchito yanga yosamalira okalamba, ndipo anthu ankandiyamikira kuti mayi uyu ndi wolimba mtima, taonani sakulira, akugwira mashifiti ngati palibe chachitika. Kulimba mtima kwa chiyani? Ine sindinkamva kanthu basi. Chakudya chinkangodutsa pakhosi, tsabola osawawa, shuga osatsekemera, nyimbo za kutchalitchi ndinkayimba ndi pakamwa pokha. Aliyense wondifunsa ndinkamuyankha kuti ndili bwino, iye n'kukhutira, ine n'kupitiriza ulendo.

Malemuwo sanali munthu wa mowa, koma anali ndi chilakolako chimodzi chomwe ndinkawaseka nacho, chokwera sitima zapamadzi zikuluzikulu zija zomwe anthu amakwera kungofuna kusangalala, kudya ndi kugona momwemo uku akuona maiko. Tsiku lina anabwera ndi botolo la vinyo wofiira, n'kuliika pamwamba pa kabati, amvekere limeneli tidzatsegulira m'sitima mwana akadzamaliza sukulu. Mwana anamalizadi, ntchito anaipeza ku Nottingham, koma bambo ake anali atapita. Ndiye mwanayo, mtsikana wanga yekhayo, wobadwira konkuno, yemwe Chichewa amamva chonse ngakhale miseche koma kuyankha ndi Chingerezi chokhachokha, anatibukitsira ulendo wa sitimawo awirife, n'kunena kuti malamulo ake amalola munthu kulowa ndi botolo limodzi, choncho vinyo wa adadi apite nafe. Ine ndinangovomera, sindinakondwe komanso sindinakane.

Mukudziwa kuti kwathu munthu salongedza yekha katundu wa ulendo. Kutatsala tsiku limodzi, masana, kunabwera amayi atatu a kumpingo, awiri ochokera ku Evington ndi mnzanga wina wa ku Zambia yemwe tinkagwirira limodzi ntchito, mayi wathupi lake, wosekera kumwamba. Mwana wanga anali atanditumizira kathumba kofufuma kapulasitiki kopangidwira kunyamulira mabotolo, koma amayiwo atakaona anafa nalo phwete. Ankati zimenezi n'za azungu osadziwa kulongedza, ife mabotolo a uchi, a tsabola wa kambuzi ndi a chiponde takhala tikuwadutsitsa m'mabwalo a ndege kuchokera ku Lilongwe atakulungidwa m'chitenje, linasweka ndi liti? Ndipo kunena zoona, ndani wa ife sanachitepo zimenezi? Anakulunga botolo m'chitenje, n'kulilowetsa m'jumbo, kumanga, n'kuliika pakati pa zovala.

Kenako anayamba kuthira katundu ngati ndikupita kumudzi zaka ziwiri. Madiresi, majuzi, nsapato za tchalitchi, ndipo mnzanga wa ku Zambia uja anaumirira kuti ndinyamule simbi yositira, amvekere mzimayi wamkulu sangakadye ndi azungu atavala zamakwinya, angatichititse manyazi tonse. Simbiyo anaikankhira pambali penipeni pa botolo. Sutikesi inakana kutsekeka, monga zimachitira masutikesi athu onse, ndiye tinachita zomwe timachita, mnzangayo anakhalapo ndi thupi lake lonse, awiri akukoka zipi uku ndi uku, onse akuseka mpaka misozi. M'katimo munamveka kaphokoso kakang'ono, kuti thi, wina n'kunena kuti ndi hang'ala yopachikira zovala yathyoka. Tinapemphera, iwo n'kumapita.

M'mawa mwake kunja kutayera ndinasamba, kuvala, n'kukhala pampando kudikira mwana kuti adzanditenge pagalimoto tipite kudoko la Southampton. M'khonde la m'nyumba momwe munali sutikesi munkamveka kafungo kowawasa, ndinakamva ndithu, koma masiku amenewo ndinkafufuza chiyani ine? Kenako mwana anatumiza uthenga wondikumbutsa kuti mankhwala anga ndiike m'kachikwama ka m'manja, chifukwa kudoko masutikesi amatenga n'kudzakupatsa madzulo. Apa ndifotokoze kuti ine ndimamwa mapiritsi oletsa magazi kuundana, chiyambire pomwe mwendo unanditupa nditatsika ndege kuchokera kumudzi, ndipo munthu wa mapiritsi amenewa ngakhale atangodzicheka ndi mpeni wa anyezi magazi ake sachedwa kukhala nkhani. Mapiritsiwo amayi aja anali atawalongedzera m'sutikesi, pansi penipeni.

Nditsegule sutikesi yonse yomwe inatsekedwa ndi anthu atatu? Ndikanaitsekanso ndi ndani? Ndinaigoneka pansi, n'kutsegula zipi pang'ono pongokwana dzanja, monga timachitira pabwalo la ndege tikafuna kusolola kanthu, n'kulowetsa mkono mpaka m'chigongono, kumafufuza ndi zala. M'katimo munali monyowa ndi mozizira. Ndinakankha mwamphamvu kuti ndidutse pa simbi paja, ndipo ndinamva ngati china chandikanda, osati kupweteka ayi, kungokanda. Nditasolola mkono unali wofiira wonse, kudontha, ndipo fungo la vinyo linadzaza nyumba.

Ndinati basi, vinyo wa bambo uja wapita. Ndinakhala pansi pakapeti, msana kutsamira sitepe yoyamba ya masitepe okwerera kuchipinda cham'mwamba, n'kumayang'ana mkono. Ndinkadikira kuti mwina tsopano ndilira, poti chinthu chomwe munthu anasunga zaka zonsezo chatayikira m'majuzi, koma misozi sinabwere. Chomwe ndinaona n'chakuti kufiirako sikunkatha. Ndikapukuta ndi siketi, pamkono pankayera kanthawi, kenako n'kudzazanso, ndipo zomwe zinkatsikira m'chikhatho zinali zofunda pomwe vinyo uja anali wozizira. Nditapukutanso ndinaona pakamwa pa bala, lalitali, lotseguka, magazi akutuluka motumphatumpha motsatira kugunda kwa mtima.

Abale anga, apa ndi pomwe pali nkhani yanga. Ine ntchito yanga ndi yosamalira anthu, maphunziro a chithandizo choyamba amatibwereza chaka ndi chaka, ndipo akanakhala gogo wina wa kuntchito ndikanadziwa chochita ndisanaganize n'komwe: kufinya pabala ndi nsalu, kukweza mkono m'mwamba, kuimbira ambulansi. Zonsezi zinkabwera m'mutu mwanga mwadongosolo lake, chimodzichimodzi, ngati wina akundiwerengera. Foni inali m'thumba la juzi, thawulo linali pachitseko cha bafa pafupi pomwepo. Koma ine ndinangokhala. Mkono ndinauika pamwendo, n'kumaonerera magazi akulowa m'siketi, kuchoka m'siketi kupita pakapeti, bwalo lofiira likukula pang'onopang'ono kulowera kuchitseko.

Musaganize kuti ndinkafuna kufa, ayi, maganizo amenewo sanandifikire. Kungoti sindinkafuna kanthu kalikonse, kudzuka kapena kukhala zinali chimodzimodzi kwa ine. Ndinkamva basi ikudutsa kumsewu, ana a sukulu akuphokosera, firiji ikulira kukhitchini, ndipo ndikukumbuka ndikuganiza kuti kapetiyu sadzachapikanso, eni nyumba adzakwiya. Tangoganizani, munthu magazi akutha iye n'kumaganiza za kapeti! Zala zinayamba kuzizira, kenako milomo, m'makutu munayamba kulira, ndipo kunabwera katulo kokoma kwambiri komwe ndinali ndisanakamve chimwalirire amuna anga. Mantha panalibe ngakhale pang'ono.

Foni inalira m'thumba. Ndinaisiya mpaka inaduka, inaliranso, ndipo ndinaitenga ndi dzanja labwinolo chifukwa chongozolowera, poti phokosolo linkandisokoneza tulo. Anali mwana wanga, pa vidiyo, ataima pothira mafuta m'njira yochokera ku Nottingham, akufuna kudziwa ngati ndikufuna andigulire kanthu kodya m'galimoto. Anandifunsa kuti ndili bwanji, ndipo ine, Mulungu ndi mboni, ndinamuyankha kuti ndili bwino. Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa chifukwa chomwe ndakhalira pansi, komanso chomwe milomo yanga yatuwira chotero. Ndinamuuza kuti botolo la adadi lasweka, palibe chovuta, ndangodzikanda pang'ono. Anati ndimuonetse. Ndinatembenuza foni mwaulesi, ndipo kukuwa komwe anakuwa ndimakumvabe mpaka lero.

Anayamba kundilamula m'Chingerezi, mofulumira, kuti ndifinye, ndikweze mkono, uku akuimbira ambulansi pafoni yake ya kuntchito, ine n'kumangomuyang'ana ngati ndikuonera kanema wa anthu ena. Ndinamuuzanso kuti asavutike, ayendetse galimoto bwinobwino. Pamenepo mwana uja anasiya Chingerezi. Mwana yemwe chibadwire sanandiyankhepo m'chilankhulo chathu, yemwe ndinkamukalipira kuti adzalankhula bwanji ndi azakhali ake kumudzi, anayamba kukuwa m'Chichewa chake chopindikapindika, akulira, kuti amayi imikani mkono, adadi anandisiya, inunso mukufuna kundisiya, nditsala ndi ndani ine kuno? Anabwereza funso limenelo kangapo, pakati pa anthu othira mafuta, osachita manyazi.

Sindinganame kuti mtima unasweka kapena kuti ndinalira, ayi, ndinali ndidakali wouma. Koma mkono unakwera. Ndinakoka mpango womwe unali m'khosi, kuukulunga pabala, kufinya ndi mano ndi dzanja linalo, n'kutsamiritsa mkono pamasitepe kuti usagwe. Mwana sanadule foni, ankangonditchula, amayi, amayi, kuti ndisagone, uku akuimbira aneba anga, bambo wachizungu wopuma pantchito yemwe tinamusungitsa kiyi nthawi ya maliro. Bamboyo atatsegula chitseko anaima kaye, nkhope yake inayera ngati pepala, kenako anagwada m'magazi momwemo ndi thalauza lake n'kugwira mkonowo mwamphamvu mpaka a ambulansi anafika. Za m'njira sindikumbuka kanthu.

Kuchipatala anandithira magazi, n'kusoka mtsempha womwe khosi la botolo linadula, poti linathyokera pa simbi paja n'kutsala chiimire m'chitenje ngati mpeni. Dokotala anandiuza mosabisa kuti ndi mapiritsi angawo, kukanapita kanthawi kena pang'ono tikanakamba zina. Zala ziwiri za dzanja limenelo mpaka lero sizimva bwino, batani la bulauzi ndimamanga movutika. Sitima inapita yokha. Amayi aja anabwera kudzandiona, mnzanga wa ku Zambia analira mpaka manesi anamutulutsa, akuti ndi thupi lake lomwe likanandipha, ine n'kumamutonthoza ndili pabedi. Kulira kwanga kunabwera patapita masabata, tsiku wamba, ndikutsuka mbale, ndipo kutayamba sikunafune kuleka.

Ena kumpingo ankanong'ona kuti malemu ankandiitana, kuti vinyo wawo sakanalola kuti akamwedwe iwo kulibe. Zimenezo ine sindikhulupirira, amuna anga sanali munthu wotero, ndipo botolo linaswedwa ndi simbi ndi kulemera kwa munthu, basi. Chomwe ndimakhulupirira tsopano n'chakuti chisoni chosalira n'choopsa kuposa galasi, chifukwa chimakuchotsera mantha, ndipo munthu wopanda mantha sadziteteza. Ndiye ndikuchenjezeni, inu okonda maulendo: botolo la galasi liikeni m'chotengera chake chofufuma, kutali ndi zitsulo, sutikesi yokana kutsekeka muichotsere katundu osati kuikhalira, mankhwala akhale m'manja, ndipo musalowetse dzanja m'chikwama momwe maso sakuona. Koma koposa zonsezi, mukakhala ndi namfedwa yemwe sakulira, musamuyamikire kuti ndi wolimba, ndipo musakhutire ndi yankho la pafoni, pitani mukamuone ndi maso.

Tsiku lotuluka m'chipatala, tili m'galimoto, mwana wanga anaima pamaloboti n'kundifunsa osandiyang'ana, kuti akanapanda kuimba foni ija, kodi ndikanadzuka ndekha kukatenga thawulo? Ndinamuyankha msangamsanga kuti inde, ndinali pafupi kudzuka. Iye anagwedeza mutu n'kuyendetsa galimoto, ndipo sanafunsenso. Koma inu ndikuuzani zoona, poti si inu mwana wanga: mpaka lero sindidziwa.