Nkhanga ya mu injini

Amuna anga anali makanika pa galaja ya kampani ina yogulitsa ndi kukonza malole pa boma pa Ntcheu. Luso anali nalo, sindingawanamizire, koma phuma lawo linali ngati asiya mkaka pamoto. Nsanza zopukutira zikatha kuntchito ankangotola zakunyumba. Tsiku lina anang'amba chitenje changa chofiira cha nkhanga, chimene ndinapita nacho ku maliro ndi ku tchalitchi zaka zambiri. Nditakalipa anangoseka, amvekere nkhangazo zinasosoka kale. Theka anatenga, theka lina ndinalibweza m'sutukesi.

Sabata yomweyo kunabwera lole ya mkulu wina wa ku Nzama, amene unyamata wake wonse unathera m'migodi ku Joni. Chimene anatuluka nacho m'dzenjemo ndi loleyo basi, ndi chifuwa chosatha. Injini yake anaikonza awiri, amuna anga ndi mnzawo wa ku Manjawira, bambo wofatsa wa ana asanu. Mkazi wa mnzawoyo tinkadziwana. Tsiku lina m'mbuyomo, mvula itamunyowetsa, ndinamubwereka chitenje chomwechi kuti aberekere mwana.

Lole inatuluka Lachinayi. Lachisanu inafera pa Nsipe itasenza mbatatesi, injini itanoka. Ataikokera ku galaja n'kuitsegula, anapeza kansanza katatseka njira ya oyilo. Wina anakatsekera pamenepo kuti fumbi lisalowe pokonza, n'kuiwala kukachotsa.

Amuna anga anafika dzuwa likadalipo, osavula ngakhale ovolosi.

"Amayi, chitenje chotsala chija chili kuti?"

"M'sutukesi. Chinacho mwatha kale?"

"Kachiotcheni. Pompano."

Anandifotokozera zonse ataimirira pakhomo. Kansanzako kanali bii ndi oyilo, koma mutu wa nkhanga unkaoneka. Folomani anali atanena kuti mwini nsanza ndiye mwini mlandu, ndipo amuna anga anali atakana kale, n'kunena kuti anatseka injiniyo ndi mnzawoyo.

"Nanga anzanuwo atani?" ndinafunsa.

"Anzanga ali ndi munda kwawo. Ife tili ndi chiyani? Mukufuna ana adye masipanala?"

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna, osati khoswe. Ndinalankhula mpaka aneba anazimitsa wailesi. Ndikanakonda kulemba kuti zinathera pamenepo, koma ayi. Nditatuluka panja ndinaona mayunifolomu a ana anga ali pachingwe, ndipo mantha anandigwira kuposa mkwiyo uja. Ndinatenga chitenjecho ndi manja angawa n'kuchiika pambaula. Nsalu yakale sichedwa kupsa.

Palibe amene anabwera kudzandifunsa. Ndinachiotcha chabe, ndipo izi zimandiwawa mpaka lero. Mnzawo uja anamuchotsa ntchito, m'kalata n'kumulemba kuti ndi wosasamala. Kalata yotere imathamanga kuposa mwini wake, moti panalibe galaja ina yomulandira. Akuti folomani atamufunsa anangoyang'ana pansi n'kunena kuti sakukumbukira bwino.

Mkulu wa ku Nzama ankabwera mwezi ndi mwezi atavala jekete ndi chipewa, kudzamva za lole yake. Ankamuuza kuti akuluakulu a mu mzinda sanayankhe. Mbatatesi zija zinaolera pamsewu, ndipo lole inakhala kuseri kwa galaja mpaka matayala anaphwa. Kenaka anasiya kubwera. Sindinafunse chifukwa chake, ndinkaopa yankho.

Ife tinapitiriza kudya. Amuna anga anakwezedwa n'kukhala folomani, ndipo anayamba kulalatira anzawo za kusasamala. Nkhani ya chitenje sitinaitchulenso, koma tsiku lililonse inkakhala nafe m'nyumba ngati mlendo wosatsanzika.

Patapita zaka ndinatsika minibasi pa Manjawira pochokera ku maliro. Ndinawerama pamulu wa tomato, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona kuti wogulitsayo ndi mkazi wa mnzawo uja. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi. Anandilonjera mwaulemu, kufunsa za ana mmodzimmodzi. Nditafunsa za bambo akunyumba, anati anapita ku Joni kukafuna ntchito m'mafamu, ndipo anabwerako m'bokosi.

Ndinapepesa. Iye anali akuika tomato m'jumbo, n'kuwonjezerapo awiri a basela.

"Chitenje chanu cha nkhanga chija chinkakukhalani bwino, amayi. Munachisiyiranji?"

Ndinayamba kufufuza ndalama m'chikwama.

"Kansanza kaja bambo anabwera nako m'thumba tsiku lomwe anawachotsa," anapitiriza, osakweza mawu. "Nditakachapa ndinakazindikira, si paja ndinaberekerapo mwana? Ndinati mawa ndikupita nako kwa folomani. Iwo anandigwira mkono, akuti, 'Asiye. Anzathuwo alibe munda.'"

Kondakitala anali akuitana. Anandipatsa jumbo ija ndi manja awiri, ine n'kulandira ndi manja awiri, monga mwa mwambo. Ndinaifungata pamiyendo ulendo wonse, ndipo titafika pa boma ndinaisiya pansi pa mpando.